Mwana sabadwa ndi "ba be bi bo bu": zomwe ofufuza apeza pa kaphunzitsidwe ka kuwerenga

Mu lipoti lake la zamaphunziro la chaka cha 2018, World Bank inatchula Malawi pamodzi ndi Ghana pa nkhani yochititsa manyazi. Ana omaliza Sitandade 2 atayesedwa, oposa anayi mwa asanu aliwonse analephera kuwerenga ngakhale mawu amodzi odziwika. Kenako kafukufuku wa m'makomo wa MICS, yemwe National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, ndi 19 okha pa 100 aliwonse amene ankatha kuwerenga kankhani kafupi n'kuyankha mafunso ake. Ambiri mwa anawa sikuti ndi ojomba. Amadzuka m'mamawa, kusamba, kunyamula kope n'kupita kusukulu.

Chopweteka n'chakuti Chichewa ndi chimodzi mwa ziyankhulo zosavuta kuziwerenga. Komanso momwe mwana amaphunzirira kuwerenga si nkhani ya m'maluwa ayi. Akatswiri akhala akuifufuza kwa zaka zoposa 50, ndipo pa mfundo zikuluzikulu anagwirizana kalekale. Tikadziwa zomwe anapeza, tiona kuti vuto lathu siligona kwenikweni pa kusowa njira.

Kuyankhula kumadza kokha, kuwerenga ayi

Palibe mayi amene amakhazika mwana pamphasa kuti amuphunzitse kuyankhula phunziro ndi phunziro. Mwana amangotola ali kumsana, ndipo pofika zaka zitatu amakhala wayamba kale kuyankha mwano. Kuwerenga sikutero. Kulemba kunayamba zaka pafupifupi 5,000 zapitazo ku Mesopotamia ndi ku Egypt, dzulodzuloli tikayerekeza ndi nthawi yomwe anthu akhala akuyankhula, choncho ubongo subadwa ndi malo ake a malembo. Stanislas Dehaene wa ku France ndi anzake, pojambula ubongo ndi makina, anaonetsa kuti munthu akamaphunzira kuwerenga, kachigawo kena ka kumanzere kwa ubongo, komwe kamathandiza kuzindikira zinthu ndi nkhope, kamayamba ntchito yatsopano yozindikira malembo n'kuwalumikiza ndi chiyankhulo. Kulumikizana kumeneku kumachita kumangidwa, ndipo kumafuna wophunzitsa.

Apa m'pamene pamachokera chinthu chomwe chimadetsa nkhawa makolo ambiri, mwana kusokoneza b ndi d, kapena kulemba 3 chagada. Chibadwire, diso la mwana linazolowera kuti mpando ndi mpando, kaya wayang'ana kumanzere kaya kumanja. Lero tikumuuza kuti kandodo kokhala ndi mimba kumanja ndi b, koma mimbayo ikakhala kumanzere ndi d. Ayenera kusiya chizolowezi chomwe chamuthandiza moyo wake wonse. Kwa mwana wa Sitandade 1 chimenechi si chizindikiro cha umbuli kapena matenda, ndipo kulemba lembolo ndi dzanja mobwerezabwereza, ngakhale pa mchenga, kumathandiza kuti zikhazikike.

Chovuta china chili m'khutu. Mwana aliyense amatha kuwomba m'manja katatu potchula ma-la-mbe, chifukwa maphatikizo amamveka okha. Koma kumva kuti mu "ma" muli timaliwu tiwiri, m ndi a, sikubwera kokha. Mu 1979 José Morais ndi anzake anayesa akuluakulu a ku Portugal omwe sankadziwa kuwerenga. Anawapempha kuti achotse kapena kuwonjezera liwu loyamba pa mawu, monga momwe ife tinganenere kuti "fika" ukachotsa liwu loyamba patsala "ika". Ambiri analephera, pomwe anzawo a moyo wofanana nawo omwe anaphunzira kuwerenga atakula anakhoza bwino. Anthu oganiza bwinobwino, odziwa miyambi ndi milandu, koma timaliwu ta m'kati mwa mawu sankatimva patokhapatokha. Mwana amene sanathandizidwe kumva timaliwuti amaona malembo ngati zizindikiro zopanda mutu, zoti angoziloweza basi.

Mkangano wa ku America ndi ku England

Kwa zaka zambiri aphunzitsi a m'mayiko oyankhula Chingerezi anagawikana pawiri. Mbali imodzi inkati mwana aphunzire maliwu a malembo ndi kuwaphatikiza, njira yomwe amaitcha phonics. Mbali ina inkati kutero n'kutopetsa ana, kuli bwino kuwapatsa nkhani zokoma ndi zithunzi kuti azitola mawu athunthu monga amatolera chiyankhulo. Mu 1967 Kenneth Goodman analemba kuti kuwerenga ndi masewera ongoganizira: wowerenga waluso sayang'ana lembo lililonse, amalingalira mawu otsatira kuchokera pa zomwe zanenedwa kale. Maganizowa anafala kwambiri. Ana ankauzidwa kuti akakumana ndi mawu achilendo ayang'ane chithunzi, ayang'ane lembo loyamba, kenako aganizire mawu omwe angakwane pamenepo.

Zinkamveka zachifundo, koma umboni unakana. Ofufuza omwe ankatsata kayendedwe ka maso a anthu powerenga anapeza kuti wowerenga waluso amayang'ana mawu ochuluka a m'chiganizo ndipo amaona malembo ake, kungoti amachita zimenezi mofulumira kwambiri moti iye mwini sazindikira. Amene amadalira kuganizira ndi chithunzi ndi wowerenga wofooka. Ndiye kuti sukulu zinkaphunzitsa ana dala chizolowezi cha olephera.

Mu 1997 nyumba ya malamulo ya ku America inalamula kuti pakhale gulu la akatswiri lounika kafukufuku yense yemwe analipo. Gululi, lotchedwa National Reading Panel, linatulutsa lipoti lake mu 2000, ndipo linatchula zinthu zisanu zofunika kuziphunzitsa mwachindunji: kumva maliwu a m'mawu, kulumikiza maliwu ndi malembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri ndi matanthauzo ake, ndi kumvetsa nkhani. Mphunzitsi aliyense wa m'makalasi aang'ono ku Malawi amene anapitako ku maphunziro a National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, anazimva zisanuzi, mwina osauzidwa komwe zinachokera.

Ku Scotland, m'dera la Clackmannanshire, Rhona Johnston ndi Joyce Watson anatsatira ana pafupifupi 300 kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anawa anaphunzitsidwa maliwu a malembo ndi kuwaphatikiza kuyambira pachiyambi penipeni. Pomaliza pulayimale, luso lawo lotchula mawu olembedwa linali patsogolo ndi zaka zitatu ndi theka poyerekeza ndi msinkhu wawo. England inatengera, ndipo mu 2012 inayamba kuyesa mwana aliyense wa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi ndi mawu 40, ena mwa iwo ongopeka kuti woloweza aonekere. Chaka choyamba anakhoza 58 pa 100 aliwonse, pofika 2019 anali 82. Koma pali nambala ina ya ku Clackmannanshire yomwe okonda njirayi saikonda kuitchula: pa kumvetsa nkhani, ana aja anali patsogolo ndi miyezi itatu ndi theka yokha. Tiisunge, tiifuna kutsogoloku.

Nkhondo yonseyi inakula chifukwa kalembedwe ka Chingerezi n'kosokonekera. Lembo limodzi limatha kuimira maliwu angapo, ndipo mawu ambiri satchulidwa monga alembedwera. Mu 2003 Philip Seymour ndi anzake anayerekeza ana a m'mayiko a ku Ulaya pa mapeto a chaka choyamba cha sukulu. Ana a ku Finland, Greece, Italy, Spain ndi Germany ankawerenga molondola mawu odziwika oposa 90 pa 100 aliwonse. Ana a Chingerezi a ku Scotland ankakhoza pafupifupi limodzi mwa magawo atatu okha, ndipo ankafuna zaka zoposa ziwiri kuti afike pomwe anzawo anafika m'chaka chimodzi. Chichewa chili mbali ya Finland ndi Italy. Malembo a liwu ndi asanu, a e i o u, ndipo a ndi a kulikonse komwe ungamupeze. Mwana wophunzitsidwa bwino sayenera kudikira Sitandade 4 kuti awerenge chiyankhulo chotere.

Kuchokera pa Sosa kufika pa anikumeto

Amene anaphunzira kale amakumbukira buku la Sosa ndi nyimbo ya maphatikizo, ba be bi bo bu, ma me mi mo mu. Ine ndimaona kuti makolo aja sanaphonye kwambiri. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, choncho mawu amaduka okha bwinobwino: ga-li-mo-to, chi-ma-nga. Kumanga kuwerenga pa maphatikizo n'kogwirizana ndi chibadwa cha chiyankhulo chathu.

Chofooka chake chinali kuyimba. Taonani zomwe zimachitika mpaka lero m'makalasi ambiri. Mphunzitsi akuloza pa bolodi ndi kamtengo, ana zana limodzi akukuwa pamodzi, ba be bi bo bu, mokweza mpaka kalasi yoyandikana nayo kusokonezeka. Wodutsa panja anganene kuti apa ndiye pali maphunziro. Koma tengani mwana mmodzi wa kumbuyo, mumuloze "bo" poyamba. Adzati "ba". Mulozeni "bi", adzati "be". Sakuwerenga, akutsata nyimbo, ndipo maso ake sanali n'komwe pa bolodi. Kuyankha kwa chigulu kumabisa ana osadziwa kwa chaka chathunthu, chifukwa ana khumi akutsogolo amatsogolera ndipo ena onse amangovomera.

Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi ambiri analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Kenako mu 2007 kunabwera silabasi yatsopano ya PCAR, yomwe m'makalasi oyambirira inatsamira pa mawu athunthu. Zodabwitsa ndithu: pomwe England inali kuchoka ku njira imeneyi, ife tinali kulowako, chonsecho chiyankhulo chathu sichinkafuna n'komwe mankhwala otero.

Mayeso a EGRA, oyesa mwana mmodzimmodzi pakamwa, atachitika m'dziko muno kuyambira 2010 n'kuulula kuti zinthu zaipa, panayamba kuyesedwa njira ina m'maboma a Salima ndi Ntchisi, yotchedwa Maziko a Kuwerenga. Njirayi inakula mpaka kubala National Reading Programme, yomwe boma linakhazikitsa m'sukulu zonse zake mu 2016 mothandizidwa ndi USAID ndi boma la Britain. Chimodzi mwa zanzeru zake ndi ndondomeko ya malembo. M'malo moyamba ndi a, b, c, ana amayamba ndi malembo omwe amapezeka kawirikawiri m'Chichewa: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Aphunzitsi amangoti anikumeto. Ndi malembo awiri oyamba okha mwana akuwerenga kale "ana". Akafika pa m angathe kuwerenga chiganizo chathunthu, "Ana akunama", n'kuseka. Akafika pa o pali moto, mutu, meta, tuma, koma. Mwana amene wadzitulukira yekha kuti timizere tija tikunena kuti ana akunama sangaiwalenso cholinga cha malembo.

Sikuti Chichewa chilibe mapiri ake. Phiri lalikulu ndi malembo ophatikizana. Mwana amene wagonjetsa "pa" ayenera kudziwanso kuti "pha" ndi liwu lina, apo ayi pala ndi phala zikhala chimodzi. Kachizindikiro kakang'ono ka pamwamba (') kamasiyanitsa ng'oma yovinira ndi ngoma ya m'tchire. Kenako pali mb, nd, nj, ny, dz, ts, ps, bz, tch, mpaka kufika pa nkhw wa nkhwangwa ndi ntch wa ntchito. Awa ndi ambiri, ndipo ana ochuluka amene amati "amadziwa malembo onse" amagwera pomwepa. Safunika kuwasiyira mwayi kuti adzawatola okha. Afunika kuphunzitsidwa limodzilimodzi, kuyambira osavuta, ndipo lililonse likhale ndi mawu ndi tiziganizo toyeserera. Chinanso, kukwera ndi kutsika kwa mawu sitikulemba, choncho mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo pa pepala n'chimodzimodzi, ndipo chiganizo ndicho chimamasula. Apa pokha ndiye pomwe nkhani yozungulira ili ndi ntchito: kuthandiza tanthauzo la mawu omwe mwana wawerenga kale, osati kulowa m'malo mwa kuwerengako.

Kaphunzitsidwe komwe kafukufuku amavomereza n'kosavuta kukafotokoza. Mphunzitsi aonetse yekha, kenako achite pamodzi ndi ana, kenako ana achite okha iye akumvetsera. Gawo lachitatuli ndilo lofunika kwambiri ndipo ndilo limadumphidwa, chifukwa nthawi imakhala yatha kapena buku ndi limodzi pa ana asanu. Mwana wa kumapeto kwa benchi amaliona chammbali, wina amaliona chozondoka. Nkhani zoyamba ziyeneranso kukhala ndi malembo okhawo omwe ana aphunzira kale, kuti asakakamizike kulosera. Ndipo kulemba kuyende limodzi ndi kuwerenga: mwana amene wauzidwa kuti alembe "mutu" osaonera ayenera kumva yekha timaliwu tonse tinayi.

Liwiro si mpikisano

Makolo ena amadabwa kuona woyesa atagwira wotchi mwana akuwerenga. Chifukwa chake n'chakuti mutu wa munthu umasunga zinthu zatsopano zochepa, kwa kanthawi kochepa. Mwana amene akulimbana ndi phatikizo lililonse, a-na-pi-ta ku-mu-nda, ali ngati wotunga madzi ndi chidebe chobooka: pofika kumapeto kwa chiganizo, za kuchiyambi zatayika kale m'njira. Kutchula mawu kukayamba kuchitika kokha, nzeru zimamasuka kuti ziganize za nkhaniyo. Palibe chidule chofikira pamenepa koma kuwerenga kwambiri, mokweza, wina akumvetsera ndi kukonza, ngakhale kubwereza kankhani komweko katatu.

Liwiro loyenera limasiyana malinga ndi chiyankhulo, ndipo apa tiyenera kusamala ndi miyezo yobwereka. Chichewa chimamata zambiri m'mawu amodzi. "Sindinakuoneni" ndi mawu amodzi, koma pa Chingerezi pangafunike mawu asanu. Ofufuza a ku South Africa anaona zomwezi pa isiZulu, isiXhosa ndi Siswati, zomwe zimalembedwa momata ngati Chichewa, ndipo anaika miyezo yakeyake: malembo 40 pa mphindi pomaliza Giredi 1, mawu 20 pa mphindi pomaliza Giredi 2, ndi mawu 35 pomaliza Giredi 3. Pa Sesotho ndi Setswana, zomwe zimalembedwa modukizadukiza, miyezo ya Giredi 2 ndi 3 ndi 40 ndi 60. Nambalazi si za Chichewa, koma zikutipatsa chithunzi cha komwe mwana wathu ayenera kukhala.

Kuchedwa kumabala kuchedwa kwina. Mu 1986 Keith Stanovich anafotokoza zimenezi pobwereka mfundo ya mu Uthenga Wabwino wa Mateyu, yoti amene ali nazo adzawonjezeredwa, ndipo amene alibe adzalandidwa ngakhale kochepa komwe ali nako. Mwana amene wagwira msanga amakonda kuwerenga, amawerenga zikwangwani, mapaketi a shuga ndi mauthenga a pa foni ya amayi ake, ndipo luso limakulirakulira. Mnzake amene zikumuvuta amathawa buku, amaphunzira kubisala kumbuyo kwa anzake, ndipo pofika Sitandade 5, pomwe phunziro lililonse likufuna kuwerenga, amayamba kunena kuti sukulu si yake.

Kutchula si kumva

Tibwerere ku miyezi itatu ndi theka ija ya ku Clackmannanshire. Mu 1986 momwemo Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuti kumvetsa zowerenga kumachokera pa zinthu ziwiri zochulukitsana: kutha kutchula mawu olembedwa, ndi kumva chiyankhulocho chikamayankhulidwa. Mawu oti kuchulukitsa ndi ofunika. Chimodzi chikakhala ziro, yankho ndi ziro, ngakhale chinacho chikhale chachikulu bwanji. Mwana wa kumudzi wodziwa nthano makumi awiri koma wosadziwa malembo sawerenga. Mwana amene amatchula chiganizo cha Chingerezi bwinobwino koma osadziwa tanthauzo la mawu ake nayenso sakuwerenga, akungolira ngati wailesi. Maliwu ndi malembo amatsegula chitseko, koma zomwe mwana akapeze m'katimo zimadalira mawu ndi zinthu zomwe akudziwa kale.

Mu 1988 Donna Recht ndi Lauren Leslie ku America anapatsa ana nkhani yofotokoza masewera a baseball. Ana ofooka powerenga koma odziwa masewerawo anaimvetsa kuposa ana aluso powerenga omwe sankawadziwa. Kwathu kuno zingakhale chimodzimodzi mutapereka nkhani ya chilimira ndi usipa kwa mwana wa ku Nkhotakota ndi wa ku Area 47. Choncho maphunziro a za chilengedwe, za chikhalidwe ndi nkhani zowerengeredwa mokweza ndi mphunzitsi si zotayitsa nthawi ya kuwerenga, ndi mbali yake.

Pamenepa kholo losadziwa kulemba dzina lake lili ndi gawo lalikulu kuposa momwe limaganizira. Agogo akati "padangokhala" ana n'kuvomera "tilitonse", mwana akuphunzira kutsata nkhani kuchokera kuchiyambi mpaka kumapeto, kusunga m'mutu amene anachita chakuti, kulingalira chifukwa chomwe Kalulu wanamizira kudwala. Amenewa ndi maluso omwewo omwe mayeso a kumvetsa nkhani amafuna. Ndagi, nyimbo, kufunsa mwana kuti afotokoze zomwe waona kumsika n'kumulola kumaliza, zonsezi zikudzaza theka lachiwiri la samu ija. Mwana amene amangomva "khala chete" ndi "tenga icho" amafika kusukulu ndi mawu ochepa.

Samu yomweyi ikufotokozanso nkhani ya chiyankhulo chophunzirira, yomwe imautsa mapiri pachigwa. Makolo ambiri amafuna Chingerezi kuyambira tsiku loyamba, ndipo chifukwa chawo n'chomveka, poti mayeso ndi ntchito zili m'Chingerezi. Boma nalo lakhala likusinthasintha: mu 1996 linalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi ngati chiyankhulo chophunzitsira. Zomwe umboni umaonetsa n'zakuti chinsinsi choti malembo amaimira maliwu munthu amachitulukira kamodzi kokha, ndipo amachitulukira msanga m'chiyankhulo chomwe amachimva. Akachigwira amapita nacho ku Chingerezi, komwe ayenera kuphunzira mawu ake pakamwa kaye ndi kuzolowera kuti lembo la a kumeneko n'losakhulupirika. Zambia inatsata mfundoyi pophunzitsa kuwerenga koyamba m'ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dzikomo, kuphatikizapo Chinyanja. Koma tisadzinamize kuti Chichewa ndi chiyankhulo cha mwana aliyense wa ku Malawi. Mwana wa ku Rumphi, wa ku Karonga kapena wa m'midzi ya ku Mangochi angathe kulowa Sitandade 1 n'kupeza ziyankhulo ziwiri zachilendo nthawi imodzi, ndipo pulogalamu ya dziko lonse ili m'Chichewa ndi Chingerezi basi.

Pomwe njira yabwino imafera

Zonse tafotokozazi zili kale m'mabuku a aphunzitsi athu. Nanga n'chifukwa chiyani ana ambiri akumalizabe Sitandade 2 asakuwerenga? Kenya ili ndi yankho lina. Isanayambitse pulogalamu yake yophunzitsa kuwerenga ya Tusome m'dziko lonse mu 2015, inayesa kaye zinthu zosiyanasiyana m'sukulu zosankhidwa mwamaere. Benjamin Piper ndi anzake anapeza kuti kuphunzitsa aphunzitsi ndi kuwayendera kokha kunasintha zochepa. Kusintha kwakukulu kunabwera pomwe anawonjezera buku la mwana aliyense payekha ndi buku la mphunzitsi lokhala ndi maphunziro okonzedwa kale tsiku ndi tsiku, logwirizana ndi buku la mwanalo tsamba ndi tsamba. Alangizi ankayendera makalasi atanyamula tabuleti, kuonerera phunziro ndi kumvetsera ana angapo akuwerenga. Maphunziro a masiku asanu pa holide, a alawansi aja, paokha sasintha kalasi.

Buku nalo liyenera kukhala loyenera ndiponso lili m'manja. Ku Kenya komweko, kafukufuku wakale wa Paul Glewwe, Michael Kremer ndi Sylvie Moulin anapeza kuti kugawa mabuku kunathandiza ana okhoza kale okha, chifukwa mabukuwo anali m'Chingerezi chomwe ambiri sankachimva. Ku Sierra Leone ofufuza anapeza kuti mabuku ambiri ogawidwa anangosungidwa osapatsidwa kwa ana, poti aphunzitsi aakulu sankadziwa kuti ena adzabwera liti. Sindikuwaweruza. Munthu amene wakhala zaka akudikira mabuku amawasunga ngati mbewu. Koma buku losang'ambika la Sitandade 1 ndi buku lomwe silinagwire ntchito.

Ndiye pali ana omwe sitima yawasiya kale. Bungwe la Pratham ku India linayamba njira yowayesa ana mwachidule n'kuwagawa potengera pomwe afika, osati kalasi yawo: osadziwa lembo, odziwa malembo, owerenga mawu, owerenga ndime, owerenga nkhani. Gulu lililonse limaphunzitsidwa pomwe lili kwa ola limodzi kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo mwana akagwira amakwera gulu. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Kremer, anali m'gulu la omwe anaiyesa kangapo n'kupeza kuti imagwira. Zambia inaitenga mu 2016 pansi pa dzina loti Catch Up, ya ana a Giredi 3 mpaka 5. Nzeru yake ndi yoti mwana wa Sitandade 4 amene sadziwa "nkha" sathandizika pomupatsa ndime ya Sitandade 4 kachiwiri, ngakhale silabasi ikulamula kutero.

Kuyesa kotereku kholo lodziwa kuwerenga lingakuchite pakhonde. Osagwiritsa ntchito buku la kusukulu, poti mwina analiloweza. Lembani pa pepala maphatikizo khumi osakanizika, bo, mi, ka, tsa, nde, ndi ena. Pansi pake lembani mawu opeka ngati "tefu" kapena "lomi", omwe sangawalosere. Kenako tiziganizo titatu ta zinthu za pakhomo, n'kumufunsa funso limodzi kapena awiri. Pomwe wayamba kukakamira ndi pomwe pali ntchito, ndipo ndi chinthu chenicheni chokakambirana ndi aphunzitsi ake, kusiyana n'kungofunsa kuti wakhala nambala chani.

Boma tsopano likuikanso chiyembekezo pa matabuleti. Kuyambira 2023, pulogalamu ya BEFIT ikufalitsa m'sukulu za pulayimale matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa okhala ndi maphunziro a kuwerenga ndi masamu okonzedwa ndi bungwe la onebillion. Ubwino wake ndi womwe uja ukusowa m'kalasi ya ana zana: mwana aliyense amayankha yekha, pa liwiro lake, ndipo akalakwa amauzidwa pompo. Tabuleti siingamve mwana akuwerenga ndime mokweza monga amamvera mphunzitsi, ndipo siingamufotokozere nthano n'kumufunsa maganizo ake, choncho ndi yothandizira chabe.

Nkhawa yaikulu pakalipano ndi ndalama. Gawo lalikulu la mabuku, maphunziro a aphunzitsi ndi mayeso a National Reading Programme linkalipiridwa ndi USAID, ndipo mu 2025 boma la America linatseka bungweli. Buku la Sitandade 1 likamagwiritsidwa ntchito moyenera, kupita kunyumba m'jumbo n'kubwerako, silikhalitsa, ndipo Seputembala aliyense kumalowa ana atsopano mazanamazana m'zoni iliyonse. Kusindikiza mabuku ena, kugula mafuta a njinga zamoto za alangizi a m'mazoni kuti afike m'makalasi, ndi kuyesa ana chaka ndi chaka kuti tidziwe ngati zikuyenda, zonsezi tsopano zikudikira bajeti ya Unduna wa Zamaphunziro.